Foni ya kanema wa bambo m'bokosi la chambo

Mpaka lero ndikamva fungo la chambo cha mu ayezi, mtima umandiwawa. Inu sekani, palibe mlandu, ine kuseka kumandikanika.

Bambo anga atadwalika kwathu ku Lungwena, anandiuza kuti ndiwajambule kanema. Ankafuna kutsanzikana ndi achimwene anga a Yusufu, amene ali ku Joni. Analankhula mphindi makumi anayi, Chiyao chokhachokha. Patapita masiku atatu anamwalira, ndipo tinawaika tsiku lomwelo monga mwa Chisilamu. A Yusufu sanafike.

"Tumiza kanemayo ndiwaone bambo," anatero pa foni, akulira.

Kanemayo anali wamkulu, netiweki ya kwathu inamukana. Mnzanga wina anandiikira pulogalamu yopanikiza kanema kuti achepe. Sanandiuze kuti ntchito imeneyi imatenthetsa foni ndi kumeza batire (ndipo ine, katswiri wa zonse, sindinafunse). Munali mu Okutobala, dzuwa lili paliwombo. Ndinalumikiza foni ku sola pakhonde, n'kuyamba. Itafika pakati, inatentha ngati mbaula, n'kuzima yokha. Ndinayesanso. Inazimanso.

Mkazi wanga anati, "Bambo a Amina, ichotseni ku chaja, muiike pamthunzi. Dikirani kunja kuzizire."

Kudikira, ine? Ine ndimagulitsa chambo, chilichonse choopa kutentha ndimadziwa mankhwala ake. Ndinayatsa foni, ndinayambitsa pulogalamu, ndinaikulunga m'jumbo ya shuga, n'kuikwirira mu ayezi m'bokosi la nsomba. Ndinapita ku mzikiti kukaswali ndikudzitama mumtima.

Pobwera ndinapeza ayezi atasungunuka. Jumbo ija inali ndi kabowo. Foni inali chigonere m'madzi pakati pa chambo, mamba ali mbuu pagalasi. Mayo ine!

Wokonza mafoni ku boma anayamba wainunkhiza. "Achimwene, iyi ndi nsomba tsopano. Kanemayo munamusunga penanso?"

Ndinapukusa mutu. Kanemayo anapita ndi foni.

Nditawauza, a Yusufu sanandikalipire, ndipo chimenecho ndiye chimandipweteka kwambiri. Anangoti, "Chabwino. Ndiuze iwe zimene ananena."

Ndinawauza. Lachisanu lililonse amaimba n'kupempha ndibwereze, koma mutu wanga si foni, mawu akunka nathothoka. Mphindi makumi anayi zija zatsala ziwiri.

Sabata yatha anandifunsa, "Potchula dzina langa, bambo anamwetulira?"

Ndinati eya. Zoona zake, sindikukumbuka, chifukwa nthawi imeneyo maso anga anali pa batire.