Kiyi wa torno ndi malata a apongozi

Mpaka lero mvula ikayamba kugunda cha ku Massangulo, ine mtima umangoti phwii. Mphenzi sindiopa ayi. Chimene ndimaopa ndi uthenga wochokera kwa apongozi.

Nkhondo itatha, titabwerako ku Malawi kumene tinathawira, ndinakhala pachikamwini ku Ngauma, manja ali lende. Khasu ndi ine sitinkamvana (mzere umodzi, msana wayamba kale kudandaula), ndipo apongozi aakazi ankauza mkazi wanga kuti anakwatiwa ndi mlendo wodikira mbale. Kunena zoona zinkandiwawa. Ndiye nditagulitsa kafodya kanga, ndinati ndikagule torno, makina aja osemera zitsulo, ndizikonza njinga za anthu kuti mudzi undipatse ulemu.

Ku Cuamba ndinawapeza kwa mkulu wina wopuma ntchito ya njanji. Ndinawasankha monga timagulira ng'ombe: kuwazungulira, kuwasisita, kuwamenya m'nthiti. Mwini wake anangondiyang'ana.

"Bambo, tamverani," anatero akundionetsa kachitsulo kolemera. "Uyu ndi kiyi womangira chitsulo chimene mukusema. Mukamanga, muzimuchotsa musanalize makina."

"Zimenezo ndikuzidziwa," ndinayankha (sindinkadziwa n'komwe kuti kutsogolo kwa makinawo n'kuti).

Lole inatigwedeza mpaka ku Mandimba, ina n'kutitula kwathu. Amuna amene anathandiza kutsitsa anandida mlungu wonse. Magetsi kwathu kunalibe, choncho ndinapempha alamu anga kuti tikoke lamba kuchokera pa injini ya chigayo chawo. Chigayocho chinali pafupi ndi nyumba ya apongozi, imene inali itangofoleredwa malata, yoyamba m'mudzi monse chibwerereni. Mayiwo ankatuluka m'mawa kukangoiyang'ana.

Tsiku loyesa makina anthu anadzaza bwalo. Apongozi anakhala patali pamphasa, atatembenukira kumbali mwa ulemu wa chipongozi, koma diso lili kwa ine. Ndinamanga chitsulo, n'kupukuta manja pang'onopang'ono kuti aliyense aone, kenako ndinauza alamu kuti alize injini.

Kiyi uja ndinali nditamusiya pomwepo.

Ndinangomva kuti fyuu pafupi ndi khutu, kenako phoo pamwamba pa nyumba. Anthu ena anadzigwetsa pansi, poti phokoso lotere anali asanaliiwale. Injini itazima, tonse tinaona chibowo pa malata atsopano aja, molunjika pamene apongozi amagona.

Mwambo wathu sulola kuti apongozi andikalipire pamaso, ine kuwayandikira kukapepesanso sizitheka. Anangopinda mphasa yawo, kulowa m'nyumba, n'kuitana mwana wawo. Mkazi wanga anabwera ndi kiyi uja m'manja.

"Amayi akuti ndiwapatse a mestre, akatswiri athu a makina, chida chawo. Akuti anachipeza pa bulangete."

Makinawo ndinadzawaphunzira, ndipo njinga za ku Ngauma zambiri zadutsa m'manja mwanga. Kiyi ndinamumangirira chingwe m'chiuno. Koma chibowo chija ndamatapo phula kangapo, chimadonthabe, ndipo lata latsopano limene ndinagula analikana, ati lakalelo limawakumbutsa mkamwini wawo.

Mitambo ikangoda, mkazi wanga amaima pakhomo, nkhope ili gwa kubisa kuseka.

"Amayi akuti a mestre awabwereke beseni."

Ndimapereka, n'kusankha lalikulu.