Tsiku Limene Ndinawerenga Kalendala

Mpaka lero anzanga kuntchito amanditcha "Disembala", ndipo sindingakwiye chifukwa dzinali ndinaliputa ndekha.

Ine ndine dalaivala wa lole pakampani ina ku Kanengo. Chaka chatha maso anayamba kuchita nkhungu, moti chikwangwani ndinkachiwerenga chitafika pamphuno. Ndinapita kukachipatala ka a Dokotala Chisale kwathu ku Kawale n'kuwaululira zonse.

"Bambo, kayezetseni mupeze magalasi," anatero. "Za m'chipinda muno sizituluka, koma musachedwe."

Ndinavomera, koma sindinapite. (Ndinkaopa kuti abwana akandiona ndi magalasi andilanda makiyi, ndiye ana adya chiyani?)

Patapita miyezi iwiri, kampani inalengeza kuti madalaivala tonse tiyezedwa maso. Mnzanga amene analowa tsiku loyamba anandilembera zilembo zonse za papepala loyezera maso la pakhoma, ine n'kuziloweza ngati vesi la Sande sukulu.

Tsiku langa litakwana, ndinalowa m'chipindamo. Dokotala wa kampani anali a Chisale omwewo! Kani munthuyu ali ndi mipando iwiri?

"Khalani apo, Bambo," anatero.

Sindinadikire. Ndinayang'ana chinthu choyera chopachikidwa kukhoma n'kuyamba kulakatula mokweza, mzere ndi mzere, mpaka tizilembo tapansi penipeni. (Chitseko chinali chosatseka, anzanga ali pamzere panja.)

"Bambo," anatero adokotala motsitsa mawu, "imeneyo ndi kalendala. Pepala la zilembo lidakali patebulo pano."

Mayo ine! Panja kunabuka phwete, ndipo dzina la Disembala linabadwira pomwepo. Ndinatseka chitseko.

"Adokotala, si inu munati za m'chipinda sizituluka? Ndife a dera limodzi, ingosainani."

Anausa moyo. "Zimene munandiuza ku Kawale sindinauze munthu, ngakhale zandivutitsa chionereni dzina lanu pamndandanda. Koma izi mwandionetsa nokha kuno, ndipo kuno ndikuyankhira kampani. Ndikasaina, mawa mukagunda munthu, ndidzati chiyani?"

Sanasaine. Ndinatha milungu itatu ndikutsuka malole a anzanga, ndikung'ung'udza kuti munthuyu ndi wouma mtima. Magalasi atabwera, makiyi anandibwezera.

Tsiku loyamba pamsewu, pafupi ndi sukulu ina ku Biwi pomwe ndimadutsa tsiku lililonse, ndinaona mizere yoyera yowolokerapo ana. Ndinaima n'kufunsa mayi wina wogulitsa nthochi kuti aipenta liti.

"Iyi? Chaka chatha, Bambo," anayankha. "Si inu a lole yobiriwira amene simuima aja?"