Laputopu ya Apongozi

Lolemba

Lero apongozi andilankhula ndi pakamwa pawo! Zaka zisanu ndi ziwiri ndili m'banja lino, uthenga wawo wonse umadzera kwa mwana wawo, Amake Chisomo, ngakhale ine nditakhala pa mpando pomwepo. Koma lero ayang'ana chakumbali pang'ono, n'kunena kwa ine ndemwe: "Atate a Chisomo, akuti mudziwa makompyuta. Iyi yayamba ulesi."

Laputopu yawo ndi yakale, yolemera ngati njerwa. Ukaiyatsa utha kukasamba, pobwera uipeza ikuganizabe.

M'katimo muli chinthu chimodzi chokha chofunika. Loweruka tikuvundukula chiliza cha apongozi aakazi, omwe anatisiya chaka chatha, ndipo mdala walemba yekha mbiri ya mkazi wake ndi ndondomeko ya mwambo. Masamba asanu ndi anayi, zala ziwiri, miyezi itatu. Pa tsamba lomaliza ndaona ndi maso angawa: "Mawu othokoza: mkamwini." Ine! Pamaso pa abale onse ochokera ku Katete!

Mankhwala a ulesiwu ndikuwadziwa. Pa gulu lathu la pa foni la okonda Linux muno mu Kafue, nkhani ili m'kamwam'kamwa ndi yoti makompyuta akale akutayidwa chifukwa zowayendetsa zatsopano zikuwakana. Koma choyendetsa makompyuta chotchedwa Linux ndiye sichikana munthu. Linux ndi yaulere, aliyense atha kuitsegula m'mimba n'kuikonza, ndipo imadzutsa ngakhale makina amene anawalira kale. Ndili m'gulumo miyezi isanu ndi itatu. Sindinaiikepo pa chilichonse, koma mikangano yonse ndaiwerenga, ndipo ndimavomereza mbali zonse ziwiri.

Zochita:
1. Kukopera mbiri pa fulashi, kachipangizo kosungira mafayilo, kuti ndikhale ndi bakapu ngati zitavuta. Ndachita kale, ndine munthu wosamala.
2. Kuika Linux. Ola limodzi basi.
3. Kuyeserera mawu othokoza, ndi malo oima kaye kuti anthu aombe m'manja.

Amake Chisomo akuti kumanda saomba m'manja. Nsanje.

Lachiwiri

Ndafunsa pa gulu funso laling'ono: pa laputopu yakale ndiike Linux ya mtundu uti? Ndimaganiza kuti ndapempha madzi, osadziwa kuti ndagwedeza chisa cha mavu.

Ba Kelvin, mlimi wa tomato wa ku Shimabala: "Boi, Linux yazoona umamanga wekha. Izi zofaka chabe na kudina Next ni za bana."

Brother Gift wa ku Nangongwe, amene amasamala seva, kompyuta yosungira zinthu za kutchalitchi kwawo: "Fakani ya seva, brother. Ilibe mapikicha, ilibe mayesero."

Ba Mutinta, mayi wogulitsa nsomba ku Chanyanya: "Bakapu mwachita?"

Ndayankha monyadira kuti ili pa fulashi. Pofika masana anthu aiwala za ine, akutukwanirana za mtundu wina watsopano umene wasamutsa batani kuchoka kumanja kupita kumanzere. Mmodzi wakwiya n'kutuluka m'gulu. Wabweranso kudzamaliza chiganizo chake, n'kutulukanso.

Ndasankha mwakachetechete ya ana ija. Kuti Linux ilowe mu laputopu, uyenera kuyamba wayiika pa fulashi. M'nyumba muno fulashi ndi imodzi. Kompyuta ikufunsa ngati ndatsimikiza. Munthu wopatsidwa mawu othokoza sakayika! Ndadina. Kenako ikufunsa ngati ifufute zonse za mu laputopu. Fufuta, mwana wanga, ine ndili ndi bakapu.

Yayaka! Ikuthamanga ngati minibasi ya ku Lusaka yaona apolisi kumbuyo! Ndaizima ndi kuiyatsa kasanu kuti Amake Chisomo aone. Akuti ndikatunge madzi.

Lachitatu

Ndalowetsa fulashi kuti ndibweze mbiri.

Palibe.

Malo amene ndafunamo:
Mu fulashi. Muli Linux.
Mu laputopu. Muli Linux.
M'thumba la jekete.
Pansi pa bedi, sindikudziwa chifukwa chake.

Ndakhala pansi n'kuganiza mofatsa ngati munthu wamkulu. Fulashi imene ndinasungapo mbiri ndi yomweyo ndinaikapo Linux. Poika Linux, fulashi imafufutika yonse. Ndiye kuti ndinapha bakapu ndi dzanja lamanja, n'kupha mwini wake ndi lamanzere, tsiku limodzi, ndikuimba mluzu.

Uthenga wa apongozi kudzera kwa Amake Chisomo: "Ati laputopu ili bwanji?"

Ndati ikupuma.

Ndalemba pa gulu mwaulemu wonse, ndi moni, ndi chonde kawiri, kuti mnzanga wina wataya fayilo yofunika.

Ba Kelvin: "Munzako anafaka Linux iti? Ndiye vuto yamene iyo."

Brother Gift: "Pa seva sivichitika ivi. Mumuuze alape, afake ya seva."

Wina watumiza chithunzi cha kompyuta yake ili ndi mawindo ogwedera ngati nyama ya mafuta. Anthu makumi awiri amuyamikira. Za mnzanga palibe wazitchulanso, ndipo ndikumumvera chisoni kwambiri.

Lachinayi

Ndamvera Brother Gift. Ndaika ya seva, poganiza kuti mwina maso ake ndi akuthwa. Tsopano laputopu ndi yakuda bii, pakona pali kamzere koyera kakuphethira. Mbewa ya kompyuta sigwira. Zithunzi palibe. Mayesero ndiye achuluka.

Pofufuza uthenga wa Gift ndapeza wina umene unakwiririka dzulo pansi pa mikangano. Ba Mutinta: "Muuzeni munzanu asagwire chilichonse. Asafakemo vina. Azime chabe."

Ndagwira chilichonse. Ndafakamo vina.

Njira yatsala ndi imodzi, kulemba ndekha mbiri ya apongozi aakazi. Zimene ndikudziwa:
Anabadwira kum'mawa, chaka china chake.
Anabwera ku Kafue ndi amuna awo pa ntchito ya njanji.
Ankandipatsa mutu wa nsomba nthawi zonse, sindikudziwa ngati unali ulemu kapena uthenga.
Anamwalira.

Mizere inayi. Mdala anali ndi masamba asanu ndi anayi! Anazipeza kuti zonsezo?

Ndafunsa Amake Chisomo mongocheza kuti amayi anabadwa chaka chanji. Asiya kusenda anyezi, andiyang'ana nthawi yaitali, mpeni uli m'manja.

Abale a ku Katete afika ndi basi yamasana. Azakhali awiri, amalume atatu, nkhuku zinayi. Aliyense akundigwira dzanja kuti amva ndine katswiri wa makina. Ndikuchita manyazi mpaka khutu likutentha. Si za mawu othokoza zokha ayi. Mdala uja ankalemba masambawo m'mawa uliwonse pa khonde, pa mpando womwe mkazi wake ankakhalapo, ndipo ine ndawameza ndi chala chimodzi.

Lachisanu

Apongozi abwera okha m'mamawa, ambulera m'manja ngakhale kulibe mtambo. Akufuna apite ndi laputopu kosindikiza mbiri.

Ndanjuta pakhomo. Ndauza Amake Chisomo zonse. Amake Chisomo atembenuka n'kuuza atate awo zomwezo, mawu ndi mawu, m'chipinda chomwecho. Kuzimva kachiwiri n'kowawa kuposa koyamba.

Mdala sanakalipe. Ayang'ana laputopu yakuda ija, kamzere kakuphethira. "Zotere tinali nazo ku njanji," atero. Afunsa kuti anthu a Linux amapezeka kuti. Ndapereka foni ndi manja awiri. Awerenga pempho langa laulemu lija, apukusa mutu, adina pojambula mawu.

"Ine ndinagwira ku njanji zaka makumi atatu. Linux yanuyi ndi chidole. Yadya mbiri ya mkazi wanga, ndipo pa nonsenu palibe amene angaibweze. Mumangodziwa kulongolola. Ndatha."

Mayo ine! Gulu laphulika! Ine ndinapempha mwaulemu masiku awiri osathandizidwa, mdala watukwana kamodzi, malangizo akugwa ngati matalala. Ola lisanathe Ba Kelvin atsika pa galimoto ya tomato, nkhope ili gwa. Brother Gift afika ndi zingwe m'chikwama cha Baibulo. Ba Mutinta atsika pa kanta, kalole konyamula nsomba, mafulashi atatu ali m'khosi ngati mikanda.

"Ndani wakamba ati Linux siingakwanise?" Ba Kelvin akufunsa ali pa geti, moni osapereka.

Kelvin ndi Gift ayamba kukangana pansi pa mtengo wa mango za njira yoyenera. Azakhali aganiza kuti ndi alendo a mwambo afika msanga, awapatsa nshima. Akukanganabe akudya. Ba Mutinta akhala pa khonde, ayatsa laputopu ndi fulashi yawo, alemba mizere itatu. Kwa ine anena mawu awiri okha: "Imwe, pendekani." Ndiye kuti ndisunthe, ndikutchinga kuwala.

Akuti chofufutidwa sichichoka msanga, chimangotaya dzina, pokhapokha china chikagona pamwamba pake. Chakumasana mafayilo ayamba kubwera, zikwizikwi, opanda mayina, manambala okhaokha. Tikutsegula imodziimodzi. Makalata a penshoni. Nyimbo za kwaya. Chithunzi cha chala cha mdala.

Mbiri yapezeka dzuwa litapendeka! Koma ndi ya mwezi watha, masamba asanu ndi atatu. Yatsopano, yokhala ndi tsamba la dzina langa, Linux ya seva inagona pomwepo.

Kenako chatseguka chithunzi china. Apongozi aakazi ali pa mlatho wa Kafue, chitenje chikuuluka, akuseka mano onse panja. Zithunzi zimenezi mdala anazifufuta mwangozi zaka zitatu zapitazo, ndipo anazilira kuposa njinga yake imene inabedwa. Amake Chisomo akulira. Mdala wavula magalasi, wawapukuta, wavalanso. Ngakhale Kelvin watseka pakamwa.

Ndikufuna kunena kuti popanda ine zithunzizi sizikanapezeka. Ndaona kuti si nthawi yake.

Tsamba lomaliza apongozi akuti alembanso okha.

Loweruka

Ndondomeko yasindikizidwa bwino, chithunzi cha pa mlatho chili pachikuto. Ndathamangira tsamba lomaliza.

"Mawu othokoza: mwini nyumba." Ndiye kuti mdala yemweyo.

Pansi penipeni, pambuyo pa ophika: "Mipando: mkamwini."

Mipando makumi asanu ndi atatu ya pulasitiki, kuchokera kutchalitchi mpaka kumanda, ndavala suti. Mbiri yawerengedwa yonse, anthu alira pamalo oyenera kulira, aseka pa nkhani ya mitu ya nsomba. Zaoneka kuti mayi ankapatsa mutu munthu amene amamukonda. Zinali pa tsamba lachisanu ndi chimodzi, ine ndinangowerenga lomaliza.

Apongozi athokoza Mulungu, abusa, Ba Mutinta, Ba Kelvin, Brother Gift ndi Linux. Azakhali akundifunsa ngati a Linux alandira chakudya. Kelvin ndi Gift akukangana monong'ona kuseri kwa chiliza cha munthu wina.

Anthu aomba m'manja. Kumanda! Amake Chisomo anandinamiza.

Lamulungu

Apongozi alowa m'gulu. Pofika nthawi ya tiyi awapatsa kale udindo woyang'anira. Akana kuti ya seva ichotsedwe, akuti yakuda ija ndiye makina enieni, zinazo ndi zidole. Ba Kelvin akuwatcha "ba shikulu", kutanthauza agogo, ndipo akuwaopa.

Munthu watsopano wafunsa kuti aike Linux iti. Ndalemba kuti ayambe wagula mafulashi awiri. Palibe wayankha.

Uthenga wabwereranso njira yake yakale. Amake Chisomo, mdala ali pomwepo akumwa tiyi: "Ati wailesi yawo yayamba kuvuta. Ati musaigwire."

Mipando iyenera kufika kutchalitchi mapemphero asanayambe. Ndaibweza yonse, ndaindandalika m'mizere, anthu asanabwere. Mawu othokoza aja akadali m'thumba la suti. Ndawatulutsa, ndaima kutsogolo, ndawawerenga onse, ndipo ndawonjezera mzere umodzi wothokoza amayi chifukwa cha mitu ya nsomba. Pamenepo ndaima nthawi yaitali kuposa mmene ndinayeserera.

Mipando yadikira mwaulemu.