Mandasi a Elube ndi Phula la a Kamwendo

Kanda, Sigele, kanda! Fulawa sakanda ndi nsonga za zala ngati ukusisita khanda, lowetsa zibakera. Mawa ndi tsiku lako loyamba pa msika, mwana wa mchemwali wanga, ndipo chiyambire m'mawa ndikudikira kuti undifunse kanthu, koma iwe duu. Chabwino. Manja asaime, makutu okha andimvere. Pali mwambi umene aphunzitsi athu a sukulu ya kwacha anatilembetsa sabata yatha. Iwo amadziwa kuulemba, koma mwini wake ndinamuona ndi maso angawa. Unayamba motere.

Kale msika wa pa Kachere unkachitika Lachinayi lokha. Alimi ankabwera ndi ngolo zodzaza mbatata, nzimbe, nyemba ndi kabichi, ng'ombe n'kuzimasula kuseri kwa tchalitchi. Kunalibe majumbo. Mandasi ankakupatsa pa tsamba la nthochi, ndipo limodzi lokha linkakufikitsa madzulo. Ife ogulitsa zakudya tinkakhala mzere pansi pa mtengo, mkulu wathu ali Anachisale. Mandasi awo ankafufuma, ankawala, ndipo ankatha dzuwa lisanafike pamutu.

Tinali ndi mwambo wathu. Watsopano asanagulitse, dengu lake loyamba linkapita kwa akuluakulu kuti alawe. Wina amvekere, "Shuga wachepa." Wina, "Moto unachuluka." Iwe n'kuphunzira, malo n'kupatsidwa.

Ndiye kunabwera Elube. Ukwati unamuthera ku Halale, nabwerera kumudzi ndi ana awiri, sutukesi imodzi ndi dzino lagolide limene ankalionetsa ngakhale pa maliro. Malo pa msika ankawafunadi, poti ana aja ankadalira manja ake. Ndinamuuza kuti, "Elube, tiye kwa Anachisale akakulangize."

"Ine?" anatero, dzino lili ng'ani ng'ani. "Ndinaphikirapo azungu ine. Ndikafunse anthu osadziwa ndi sitima yomwe?"

M'malo mofunsa anayamba kuzonda. Masabata atatu ankangozungulira msika, diso lili pa Anachisale. Anaona kuti msika ukamatha, mayiwo amapita kwa a Kamwendo, oweta njuchi, n'kugula chibulumwa chachikasu chonga majarini wouma, n'kuchiika pansi pa dengu. Mumtima anati, eya, chinsinsi cha kuwala kuja ndi chimenechi.

"Bambo, ndipatseni zitatu izi," anatero Elube kwa a Kamwendo.

"Zitatu? Ntchito yake mukuidziwa, mayi?"

"Kodi ndakufunsani?"

"Ayi ndithu, simunandifunse," anatero a Kamwendo akukulunga.

Lachinayi lotsatira, mwezi wa Juni, kunacha ndi chisanu cholowa m'mafupa. Elube anasungunula zibulumwa zija m'chiwaya, nathiramo timafuta pang'ono, n'kukazinga. Fungo lake, mwanawe! Mudzi wonse unanunkhira uchi. Mandasi anatuluka owala ngati nsapato za mkwati. Mwini wake sanalawe n'limodzi lomwe, ati katundu wa malonda sadya. Anasenza dengu, mphepo ikuwomba njira yonse, nafika pa msika, natidutsa tonse osapereka moni, n'kukhala kumapeto kwa mzere.

Woyamba kugula anali a Jailosi oyendetsa ngolo, munthu amene pakamwa pake sipankatsekeka ngakhale ali m'tulo.

"Amenewa ndiye mandasi!" anatero. "Anachisale, mwaona ntchito ya anthu oyenda? Inu nthawi yanu yatha, kapumeni!"

Analuma. Kenaka zii.

Chibadwire, aka kanali koyamba a Jailosi kukhala chete. Nsagwada zinkangoyenda uku ndi uku ngati ng'ombe yobzikula, maso ali tong'o, chala chikuloza m'kamwa. Anthu anaunjikana. A Kamwendo anatola limodzi m'dengu, nalikanda ndi chikhadabo, nanunkhiza.

"Ili ndi phula langa ili."

Anachisale anadzuka pang'onopang'ono, akumanga bwino chitenje. "Mwanawe, kodi unkandizonda? Phula lija ndimagulira bambo akunyumba. Amapaka ulusi wosokera nsapato."

Msika wonse unafa nalo phwete. Ngakhale ogulitsa mbuzi anasiya malonda n'kubwera kudzaona. Koma Anachisale sanali munthu wankhanza. Anakweza dzanja, anthu n'kukhala bata.

"Ana ako ayenera kudya, Elube. Ungondifunsa kuti, 'Amayi, mandasi mumaphika bwanji?' Ndikuuza pompano, malo n'kukhala ako."

Ine ndinamutsina pa mkono. "Funsa, iwe!"

Elube anakweza chibwano. "Ku Halale mandasi amakhala otere. Vuto lanu simunayende."

"Oho," anatero Anachisale. "Ndiye idyani tione, a ku Halale. Pano sitigulitsa chimene mwini wake sangadye. Mukatsiriza dengulo, malo ndi anu."

Sigele, mawu anayi okha akanamupulumutsa, koma mnzanga anasankha dengu. Loyamba analimeza akumwetulira. Lachiwiri thukuta linayamba kutsika, chisanu chonse chija. Lachitatu ndi lachinayi misozi inali mbwe mbwe mbwe, amayi akuwomba m'manja ngati pa chinkhoswe. Pa lachisanu analuma mwamphamvu, mano n'kukanirira. Anakoka ndi dzanja limodzi, osatheka. Anakoka ndi onse awiri. Linatuluka, inde, koma silinatuluke lokha. Pakati pake panali dzino lagolide, likuwala padzuwa.

A Jailosi, amene anali atangomaliza kupala m'kamwa ndi kamtengo, anafuula kuti, "Limenelo ndiye ndigula!"

Elube anakhala pansi, dzanja lili pakamwa. Anayang'ana dengu, linali likadali lodzaza. Ndipo ndi mawu otuluka ndi mphepo pa gwelu paja anati, "Amayi, mandasi mumaphika bwanji?"

"Ukakanda, funditsa chitenje, uike padzuwa afufume. Mafuta atenthe usanaponye. Basi."

"Basi?"

"Basi, mwanawe. Ukanafunsa Lachinayi loyamba lija, bwenzi ukumwetulirabe."

Malo anamupatsa. Tinakhala moyandikana pansi pa mtengo uja zaka zambiri, mpaka anaudula n'kumangapo mashedi a malata amene ukuwaona lero. Anadzakhala katswiri, ana ake anaphunzira ndi mandasi omwewo, ndipo ndimamusowa Lachinayi lililonse. Koma zinthu ziwiri sizinabwerere. Dzino lija silinalowenso m'malo mwake, ndipo dzina loti Elube linathera pomwepo. Ana, akulu, ngakhale abusa pa tsiku la maliro ake, onse ankangoti mayi Safunsa.

Tsopano funditsa fulawayo, undiyang'ane. Uli ndi funso kapena ulibe? Yankha msanga, mano ako akadali onse. Paja Safunsa anadya phula.