Kalata Imene Dayisoni Anatiwerengera

Nkhani iyi ndaibisa zaka zambiri, ndipo ndikaikumbukira mpaka lero nkhope imandiotcha. Koma poti ambiri amene analipo tsikulo anatisiya kale, lekani ndidziyalutse ndekha.

Nthawi ya Chitaganya ndinali mphunzitsi pa kasukulu kena kofolera udzu kufupi ndi Chonde. Ndinali ndi jekete limodzi, njinga yopanda mabuleki, ndi chibwenzi ku Chitakale, dzina lake Esitere, amene ndinkamulonjeza ukwati chaka ndi chaka.

Anyamata anga a Sitandade 3 ankangotha mmodzimmodzi, kupita kukathyola tiyi ku esiteti. Otsalawo kuwerenga ankadana nako ngati mankhwala a malungo. Mabuku tinali nawo anayi, awiri achiswe atadya.

Ndiye ndinalamula kuti: "Pepala lililonse lolembedwa limene mungalipeze, bwerani nalo tidzawerenge pamodzi!"

Anabwera nazo ndithu: nyuzi zokulungira sopo, matikiti a kuchipatala, ngakhale chikuto cha paketi ya fodya.

Lolemba lina kunacha ndi chiperoni. Phiri osaoneka, denga likudontha, ana akunjenjemera pa mabenchi a dothi. Dayisoni, mnyamata amene anali asanamalizepo chiganizo chimodzi chiyambire, anakweza mkono. Anali ndi pepala lonyowa, lopindapinda.

"Sala, pepalali andipatsa kumsika kuti ndikupa..."

"Usandipatse ine! Ine ndimatha kale kuwerenga. Stand up! Werenga ndiwe!"

"Koma sala..."

"Read!"

Anayamba, chala chikutsata mzere. "O-ko-nde-dwa achimwene. Nda-ga-ni-za ndithu. Za ukwati wathu zi-si-yeni."

Mtima wanga unadumpha ndi chimwemwe. Dayisoni wawerenga ziganizo zitatu! Ana amene ankasinza anadzuka onse. Ndinati mumtima: nkhani yokoka anyamata ndi imeneyi.

"Very good! Pitiriza!"

"Zaka zitatu mukungoti chaka cha mawa. Amayi atopa, inenso ndatopa."

"Ima pomwepo. Funso, kalasi! Mwamuna akunenedwayu ndi wotani?"

"Ndi waulesi, sala!"

"Ndi chitsiru, sala!"

"Correct!" Ndinatenga choko n'kulemba pa bolodi ndi zilembo zikuluzikulu: CHITSIRU. Ndinawauza aliyense alembe mawuwo katatu pa sileti.

Dayisoni anapitiriza, tsopano akuthamanga ngati madzi. "Mukabwera kudzacheza mumangondikonza mayankhulidwe. Ndipo jekete lanu lija long'ambika m'khwapa likundichititsa manyazi kutchalitchi."

Ine ndinaseka kwambiri kuposa onse, mpaka kukweza manja m'mwamba. Ndinaona maso onse akulunjika m'khwapa mwangamo. Ndinatsitsa manja pang'onopang'ono. Koma ndinadzilimbitsa mtima: majekete ong'ambika m'Nyasalande muno ndi ambiri.

"Wa... walemba ndani?" ndinafunsa.

"Sindinafike, sala. Apa akuti: Ndapeza munthu wina wochokera ku Joni, ali ndi galamafoni. Tsalani bwino. Ndine, E-si-te..."

"Basi! Sit down!"

"...re."

Dontho la mvula linandigwera pamphuno. Palibe anaseka, ndipo zimenezo ndiye zinandipweteka koposa. Ana khumi ndi anayi ankangondiyang'ana mwachisoni, aliyense ali ndi sileti m'manja lolembedwa katatu chimene ine ndinali. Ndinafuna kufufuta pa bolodi, koma chofufutira chinali chitanyowa, chinangowalitsa zilembozo.

Ndinakhala pampando. Zaka zitatu zapita choncho, ndipo uthenga wake ndaumva pamodzi ndi Sitandade 3.

Dayisoni anali chiimire, akutembenuza pepala lija. Nkhope yake inkawala, mwana woti watulukira kumene kuti amatha kuwerenga.

"Sala, kuseri kulinso mawu."

Kamtima kanga kopusa kanati mwina wasintha maganizo. Akazi amatero nthawi zina.

"Werenga," ndinanong'ona.

Anatsokomola, n'kuwerenga mokweza, mosaphonya ngakhale chilembo chimodzi:

"Kalatayi muwerengere panokha, anthu angakusekeni."

Mwana mukamamulimbikitsa kuwerenga, muzimuuza ayambire kuseri kwa pepala.