Tsiku Limene Malemu ba Mwale Anagwira Mabuleki

Amene akuti ine Kabudula ndimanama aimirire, abwere pafupi, ayang'ane m'kamwa mwangamu. Mwauona mpata uwu? Dzino limene linali apa silinachoke ndi shuga. Linachoka pantchito, tsiku limene ndinakambirana ndi munthu wakufa pakati pa msewu ku Kanyama mpaka anandimvera. Inu ndi masukulu anu onsewo, ndani anayankhidwapo ndi mtembo?

Anamwalira ndi ba Mwale, neba wanga, nasiya mkazi wawo, amake Dalitso, ndi nyumba ya zipinda zitatu. Motoka yonyamula bokosi inali ya ba Dikoni Tembo, ija yaitali kumbuyo, yakale moti itafika m'Lusaka misewu ndiyo inachita kuitsatira pambuyo. Mabuleki ake akumbuyo anali atatha mpaka chitsulo kumalira pachitsulo, ndiye dzulo lake la kuika maliro ba Dikoni anandibweretsera mapadi a mabuleki atsopano, ine n'kuwaika pabwalo la nyumba ya maliro pompo, chifukwa makaniko wanzeru sagwirira ntchito kutali ndi pamene akuphika nyama.

M'mawa tinanyamuka, bokosi kumbuyo, azimayi a mpingo akuimba. Tinayenda bwino mpaka pa kiyosiki ya madzi, nyumba ikuonekabe, motoka n'kuyamba kulemera. Ba Dikoni akuponda mafuta, injini ikubuula, ife tikukwawa, moti gogo wina wa ndodo anatipitirira, anakagula tomato, anabwerako natipepesanso kachiwiri, ndipo maliro ena amene ananyamuka pambuyo pathu anakaika, anabwerera, anasesa, anagawana zovala, mkazi wamasiye anakwatiwanso, ife tikadali pa kiyosiki. Mukumva? Kumbuyo kwa motoka kunatentha moti madzi a mvula aja amene sachoka m'Kanyama anauma onse, achule anatuluka ali ootcha kale ndi mchere womwe, ndipo mayi wina wogulitsa chimanga chachiwisi anangoona beseni lake likuphulika mbuliuli.

Mukuwadziwa anthu a m'komboni. Motoka ya maliro ikaima, palibe amene amafunsa za zitsulo. Ba Esinati, mlongo wa malemu, amene anabwera kumaliro ndi misozi iwiri ndi tepi yoyezera zipinda, anadzigwetsa m'fumbi.

"Malemu bakana kuyenda. Mulamu, kambani vamene munabachita ba mulongo banga. Ndipo makiyi a nyumba mubweretse kuno."

Nyimbo inaduka. Anthu omwe aja amene dzulo anadya ndiwo za amake Dalitso anayamba kuwayang'ana ndi m'mbali mwa diso, eni ake atangoima, dzanja lili pamfundo ya chitenje pamene anamanga makiyi. Motoka ikanapanda kusuntha, mayi uja akanagona panja usiku umenewo ndi dzina la mfiti.

Ine fungo ndinali nditalimva kalekale. Mzimu sununkha padi yopserera. Koma ndikanati ndi mabuleki, funso lotsatira linali lakuti anawaika ndani. Ndiye ndinavula jekete mwaulemu.

"Pumulani, ba Esinati, mungathe misozi yonse iwiri. Ine na ba Mwale tinali kumvana. Lekani nikambe nabo."

Ndinalavulira wilo lakumanja, malovu anangotsetsereka. Ndinalavulira lakumanzere, malovu anasanduka mtambo umene unakagwetsa mvula ku Matero masiku atatu. Ndinati malemu ali kumanzere, anthu onse n'kuthawira kumanja. Jeki ba Dikoni analibe, ati chikhulupiriro chimakwana, ndiye ndinalowetsa bondo ili pansi pa motoka n'kuinyamula ndi bokosi lomwe, dikoni yemwe ndi azimayi anayi a kwaya amene palibe anali wochepa thupi. Ndinayesa kuzungulitsa wilo, lili gwa. Mlandu woyamba ndinaupatsa handibuleki, koma inali yotsitsa ndipo waya wake sunali kukoka. Ndinamasula kansonga kotulutsira mafuta a buleki, poganiza kuti mwina paipi yakalamba ndipo yawatsekera mkati, mafuta anadontha, wilo osasintha maganizo. Ponseponse ndikung'ung'udza kuti, "Ba Mwale, ni apa? Si apa," anthu akugwedeza mitu ngati akumva yankho.

Ndinachotsa wilo ndi zala, popeza manati anali atafewa ngati mbatata. Manje mverani, muphunzire ulere. Kalipa, chitsulo chija chimakumbatira mapadi, chimayenera kutsetsereka pa mapini awiri. Pini yam'mwamba inkayenda. Yam'munsi inali itamwa madzi a Kanyama zaka zonsezi, dzimbiri n'kuikwatira ukwati wa mpingo. Mapadi akale, poti anali opyapyala ngati lezala, sankadandaula, koma atsopanowa, onenepa, anafinya chimbale chozungulira ndi wilo osachisiyanso. Sipanala inathyoka, pulayazi inapindika n'kukhala supuni, ndiye ndinailuma pini ija ikadali yofiira, mapazi nditaponda pabampala, motoka ili pabondo pomwepo, ndinakoka mpaka inazuka ndi phokoso limene linamveka ku Bauleni, kumene alonda amene sanadzukepo chiwalembereni ntchito anaimirira n'kuchita sailuti. Dzino linauluka. Dzimbiri limene linatuluka pabowo paja linadzaza mawilibala awiri. Mukuseka? Kafunseni amene anakwirira nalo maenje a mumsewu uja.

Gilizi yopaka pini panalibe. Ndinagunditsa khutu pabokosi, ndinadikira, ndinapukuta magazi pakamwa.

"Bakamba. Ati sibangayende osadzola mafuta aja amene bakazi bawo banali kubadzoza kumsana pamene banali kudwala. Ati ni munthu mmodzi chabe anali kubwera na mafuta, benangu banabwera na tepi."

Amake Dalitso anandiyang'ana nthawi yaitali, kenaka anapita kunyumba nabwera ndi kabotolo ka mafuta odzola. Ndinakwecha pini panjerwa mpaka inawala, iwo anaipaka ndi chala chawo anthu onse akuona, ndinabwezera zonse, ba Dikoni anapopa buleki. Nditalikankha wilo ndi kachala kakang'ono linazungulira moti mphepo yake inaulutsa duku la ba Esinati mpaka ku komboni ya George. Motoka inanyamuka ngati yaba, tinafika kumanda adzukulu asanamalize kukumba. Za makiyi palibe anazitchulanso. Ba Esinati analira tsiku lonse, ulendo uno misozi yeniyeni.

Patatha sabata amake Dalitso anandiitana. Anandipatsa tiyi, kenaka anaika hamala patebulo.

"Ba Kabudula, hamala yanu. Munaiwala paja munali kugogoda pini ija, dzulo lake la maliro. Ninali pawindo."

Chabwino. Pini ija ndinaiona poika mapadi kuti ndi youma. Koma nthawi yomweyo anali atayamba kugawa nyama, ndipo mukudziwa kuti pamaliro wochedwa amadya kabichi. Ndinaimenya kawiri kuti ilowe, n'kumanga wilo, n'kukasamba m'manja.

"Ndipo bamuna banga mafuta aja banali kubazonda, ati amanunkha maluwa. Muyende mukaike gilizi yeniyeni mu motoka ya ba Dikoni, musanaphe bamoyo. Ine sinizakamba."

Ndinapita tsiku lomwelo, chifukwa mafuta odzola amafufumitsa labala pamabuleki. Nyumba ija mpaka lero ndi yawo, apentanso buluu. Ndipo mpaka lero motoka ya maliro ikaima paliponse m'Kanyama amandithamangira kuti ndikakambe ndi malemu. Ndimapita. Ndimavula jekete, ndimagunditsa khutu pabokosi, gilizi ili m'thumba.