Matayala Osadziwika a a Dzoole

M'mudzi wina wa pamwamba pa chitunda, amene analakwira a Dzoole ndi a Kanyengambeta, Mkulu Woyeza Magalimoto ndi Zonse Zogubuduzika, ndipo linali Lachiwiri, mvula isanayambe.

Mudziwo unali ndi magalimoto asanu ndi anayi, koma matayala abwino analipo anayi okha. Tsiku loyeza likafika chaka ndi chaka, matayalawo ankamangidwa ku galimoto yoyamba, a Kanyengambeta n'kuwaponda ndi nsapato, n'kudinda chikalata. Akatero ankayang'ana kumbali mwaulemu kuti anthu amasule ndi kumanga ku galimoto yotsatira.

A Dzoole, pokhala munthu wosapita patali ndi sukulu, lamulolo analimva molakwika. Anagulitsa ng'ombe, nagula matayala awoawo, nakonzetsanso mabuleki. Mwezi uliwonse ankatsika chitundacho ndi mayi a kunyumba kukatenga mankhwala a shuga kuchipatala, ndipo panjira pankaima apolisi ofuna chikalata.

Lachiwiri lija, a Kanyengambeta anaizungulira galimoto ya a Dzoole katatu.

"Madala, matayala awa ndi a ndani?"

"Ndi anga, bwana."

"Vuto lake ndi limenelo. Ine sindikuwadziwa. Ndidinda bwanji zinthu zachilendo?"

A Dzoole anakapempha kubwereka odziwika aja. Tcheyamani wa Komiti ya Matayala anawauza kuti munthu wokhala ndi ake sabwerekedwa, kuopa kuti khalidwe lotere lingafalikire. Galimoto inaimikidwa pansi pa mtengo wa mango, nkhuku zinayamba kuikiramo, ndipo mayi aja anayamba kuyenda pa kabaza, kubwerako miyendo itatupa.

Mvula itagwa, a Kanyengambeta anakwera galimoto ya Tcheyamani, yomwe anaidinda ndi dzanja lawo. Inali pa matayala ake a masiku onse, osalala ngati dazi. Inatsika chitunda osafunsa dalaivala, n'kukaima yokha mumtsinje.

Anthu anathamangira kwa a Dzoole kukawauza kuti bwana athyoka mwendo, alize galimoto. A Dzoole anavula chipewa, nati iwo ndi munthu womvera malamulo, sangaike pamsewu galimoto yolephera mayeso. Bwana anapita kuchipatala pa ngolo, akuwerenga mabampu ndi pakamwa.

Ofufuza anapeza kuti galimoto ya Tcheyamani inalibe mlandu, popeza chikalata chake chinali chatsopano. Cholakwa chinali chitunda. Ya a Dzoole sanaione chifukwa sinachite ngozi, ndipo mpaka lero mayi aja akadali pa kabaza.

A Kanyengambeta amayenda ndi ndodo masiku ano. Anakwezedwa pantchito. Tsopano amayeza mabasi.